A Sakiasie ndi Lamba wa Zikhadabo Zazitali

Nthawi inali itangokwana 9 koloko m'mawa, ndipo a Sakiasie anali atagwada kale pakatoni m'shedi mwawo, njinga yamoto ya pachipale ya mlongo wanga Enooki atayipachika pachingwe matako m'mwamba. Lamba wakale, amene njingayi imayendera m'malo mwa mateyala, anali atamuvula, ali pansi ngati chikopa chosendedwa, atang'ambika pakati. Watsopano anali pambali pake, wakuda bii, akununkhabe fakitale. Anabwera dzulo lake pa ndege. Ine ndinangowabweretsera tiyi ndi mkate wokazinga, mwana ali kumsana m'chikhoti, ndipo ndinakhala pachigubu pafupi ndi mbaula.

"Ndithire shuga?" ndinawafunsa.

Anakweza nsidze osacheuka n'komwe. Ndinathira. Kwathu kuno inde ndi nsidze, ayi ndi kukwinya mphuno, pakamwa timasungira kutafuna.

A Sakiasie samanga lamba asanamuwerenge. Amayenda ndi chala pa mabowo ake, limodzilimodzi, milomo ikugwedera, ndipo bowo loyamba amalilemba ndi choko kuti asalibwereze.

"Mabowo 51," anatero. "Ndiye mainchesi 146 amenewo. Kutalika kuli bwino."

"Ndinakuuzanitu, madala," anatero Enooki akuseka. "Ndinayeza katatu. Mukundiyesa mwana wa sukulu?"

"Mwana wa sukulu akanayeza kamodzi n'kukhoza, achimwene."

Enooki ali ndi zaka 26, a Sakiasie anadutsa 70, koma amamutcha achimwene chifukwa anapatsidwa dzina la mkulu wawo amene anamira m'nyanja kalekale. Dzina limabwera ndi ulemu wa mwini wake.

Anatenga gudumu la mano limene limakoka lamba, n'kulilowetsa m'mabowo. Mano anakhala bwinobwino, osasewera. Anayeza m'lifupi ndi tepi, napeza mainchesi 15, zofanana ndi wakale uja. Kenako anamutembenuza kuti aone kunja kwake, kumene kuli zikhadabo zoluma chipale. Anaimika chala chawo chachikulu pambali pa chikhadabo chimodzi. Chikhadabocho chinapitirira mfundo ya chala, chinatsala pang'ono kufika pachikhatho.

Chala chinakhalabe pomwepo. Tiyi anazizira m'kapu.

Munthuyu anabadwira m'hema wa zikopa, kutsidya kwa gombe, nthawi imene anthu ankayenda pa zileyi zokokedwa ndi agalu. Bambo awo anali ndi agalu khumi ndi atatu. Chaka chimene mabanja anasamutsidwira m'tauni ino, agaluwo anawomberedwa onse tsiku limodzi, ndipo bambo awowo anakhala pawindo zaka zisanu ndi chimodzi, kuyang'ana nyanja youndana, mpaka anamwalira. Njinga yoyamba imene a Sakiasie anaigwira inali ya mphunzitsi wina amene anaisiya itafa kuseri kwa sukulu. Anaimasula yonse, kachitsulo kalikonse n'kukaika pachikopa, ndipo anaimanganso ikulira. Sanapite kusukulu ya umakaniki. Buku la njinga saliwerenga, amangoona zithunzi ndi manambala. Koma kuyambira pamenepo, pafupifupi njinga iliyonse ya m'tauni muno inadutsa m'manja mwawo. Ena amawapatsa ndalama, ena mwendo wa mphalapala, ena zikomo wouma, onsewo amawalandira mofanana. Akazi awo, mayi Leetia, ankadandaula kuti ngakhale mkate umanunkha girizi m'nyumba mwawo. Anamwalira zaka khumi zapitazo, atawasiyira mwana mmodzi wamwamuna, Aipili.

Pa nkhani ya lamba, a Sakiasie ali ndi lamulo limodzi limene aliyense amalidziwa ngakhale sanalinenepo ngati lamulo: chikhadabo chisapitirire mfundo ya chala chachikulu. Chifukwa chake ndinachimva kwa iwo omwe. Pansi pa njinga pali timizere tiwiri ta pulasitiki timene lamba amatsetserekapo. Timizere timeneti timafuna chipale kuti tizizizira, monga mmene chitsulo chimafunira mafuta. Kumapiri a kummwera chipale n'chofewa ngati ufa, munthu amamira mpaka m'chiuno, ndipo kumeneko zikhadabo zazitali zimapalasa ngati nkhafi. Chathu kuno mphepo imachipanda mpaka kulimba ngati simenti. Zikhadabo zazitali sizilowa. Njinga imangoyenda monyang'ama pa nsonga zake, chipale sichifika m'kati, pulasitiki amatentha, amasungunuka, n'kumata pa lamba. Zikhadabozo zimapindika uku ndi uku mpaka kuthothoka. Pafupi ndi nyumba suona kanthu. Zimaonekera kutali, uli ndi chileyi cholemera kumbuyo, pamene palibe wokumva.

Zaka zinayi zapitazo Aipili anabwera kuchokera ku mgodi kumene ankagwira ntchito, atanyamula lamba wotereyu paphewa. Anali ataona pa foni anyamata a kumapiri akuuluka ndi njinga zawo, chipale chikuthovoka kumbuyo ngati utsi. Lamba amene anali panjinga pake anali wabwinobwino, akanatha zaka zitatu zina. A Sakiasie anawerenga mabowo, anayeza mano, anaimika chala. Anaona.

Tsono kwathu kuno munthu wamkulu sauzidwa chochita. Mwamuna wa zaka 31, wopha nyama yakeyake, ali ndi nzeru zake, ndipo kumuwongola pamaso n'kumuvula. Ukaona mnzako akulakwa umangoti "mwina", kapena umasimba za munthu wina amene zinamuonekera, iye atolepo yekha. Umu ndi mmene a Sakiasie analeredwera, ndipo ndi mmene analelera mwana wawo. Sanamukalipirepo chibadwire.

"Mwina ndi zazitaliko pang'ono," anatero.

"Ndiye ubwino wakewo, ababa!" anayankha Aipili. "Imeneyi ikwera ngakhale khoma la tchalitchi. Mudzandiona ndili padenga ndikukupatsani moni."

Anaseka onse awiri. A Sakiasie anamanga lamba uja. Anamumanga bwino kwambiri, poti anali wa mwana wawo: anamukoka mofanana mbali zonse, anamuzunguza, anamukokanso. Wakale uja anamupachika pamsomali kukhoma.

Mwezi wa Febuluwale Aipili ananyamuka yekha ndi chileyi kukasaka mphalapala kutsidya, ulendo wa makilomita 90 pa nyanja youndana. Anapha ziwiri. Pobwerera, chileyi chitalemera, pulasitiki anasungunuka, lamba anagwira, kenako anang'ambika n'kuvuka. Batire la wailesi yake yoitanira thandizo linali litafa ndi chisanu. Mphepo yamkuntho inamupeza pomwepo, ndipo anabisala masiku awiri kuseri kwa chileyi. Itatha anayamba kuyenda wapansi, ndipo pafupi ndi gombe anaponda pamng'alu pamene madzi amatuluka nyanja ikadzaza. Ananyowa mpaka m'maondo.

Anthu ofufuza anamupeza tsiku lachinayi, akukwawa. A Sakiasie anali m'gulumo. Anzawo akuthamangira naye kuchipatala, iwo anatsala m'mbuyo n'kutsata njira imene njinga inadutsa. Ankaima, kutsika, kutola kanthu, kukweranso. Zinali zikhadabo, zitagwa m'njira ngati ndowe za nyama. Anatola khumi ndi chimodzi. Zili m'chitini cha tiyi pashelefu mpaka lero.

Aipili anamutengera ku Ottawa pa ndege, ndipo kumeneko anamudula miyendo yonse iwiri m'munsi mwa maondo. Sanabwerenso. Akuti tauni yathu ilibe msewu wa njinga ya olumala, ndipo n'zoona, koma aliyense akudziwa kuti si chifukwa chokhacho. Patapita miyezi itatu anaimba foni. Anafunsa za nyanja, za mafuta, za amene wamwalira. Kenako anati:

"Ababa, ndifunseko chinthu chimodzi. Tsiku lija mumamanga lamba uja, munkadziwa?"

A Sakiasie anakweza nsidze. Anazikweza mpaka pamphumi panachita mizere, n'kuzisiya pomwepo nthawi yaitali, foni ili kukhutu, ali okha m'khitchini.

"Ababa? Mukundimva?"

"Ndikukumva."

"Chabwino," anatero Aipili, n'kudula.

Anazindikira foni itaduka kale kuti mwana sanaone kanthu. Mwanayo anamva bambo ake akukhala chete basi. Kuyambira pamenepo amaimba pa Khirisimasi pokha, ndipo amakamba za nyengo. A Sakiasie akhala akugwira foni kangapo kuti aimbe, koma mawuwo akafika pakhosi amauma. Izi anandiuza okha masana a tsiku limene ndikusimbali.

Tsono m'mawa uja anali atagwadabe, chala chili pa chikhadabo cha lamba wa Enooki. Mlongo wangayo sankakhazikika. Mawa lake amafuna kunyamuka ndi chileyi kupita kumalire a nyanja youndana, kumene akatumbu a m'nyanja amatulukira, chifukwa m'nyumba mwa amayi nyama inali itatha sabata ziwiri zapitazo. Lamba wina akanatenga mwezi kuti afike.

"Bwanji madala, mukumupempherera?" anatero. "Mangani, dzuwa likupita."

"Mwina ndi zazitaliko pang'ono."

"Aaa, zazitali ndiye zoluma. Onani izi." Anatulutsa foni kuti awaonetse anyamata a kumapiri aja.

A Sakiasie sanayang'ane foniyo. Anayang'ana chitini chili pashelefu.  Anatenga sipanala, ndipo ndinaganiza kuti ayamba kumanga. Anaigwira kanthawi, kenako anaiika pansi pang'onopang'ono ngati dzira.

"Achimwene," anatero. "Uyu sindimanga."

Mawu anatuluka okwera kuposa mmene amalankhulira, mpaka mwana kumsana kwanga anadzidzimuka.

"Mwati bwanji?"

"Sindimanga. Akuphani ameneyu. Mukafika kumalire bwinobwino, koma pobwerera ndi nyama asungunula pulasitiki, ndipo mudzayenda wapansi. Mwagula lamba wolakwika."

 Ine ndinayang'ana pansi, manyazi atandigwira ngati ndalankhula ndine. Chibadwire sindinamvepo munthu wamkulu akuuza mwamuna mnzake choncho, pamaso pa mlongo wake. Nkhope ya Enooki inada.

"Ndagula wolakwika? Ine?" anatero. "Ndine kamwana ine, madala? Ndapha akatumbu angati chaka chino, inu muli m'shedi muno kuwotha mbaula?"

"Ambiri. Ndinadyako."

"Ndiye bwanji mukundinyoza pamaso pa mkazi?"

"Ameneyo ndi mlongo wanu. Ndi amene adzakulireni."

A Sakiasie anadzuka movutikira, maondo akulira, n'kupita kukhoma. Anatsitsa lamba amene anali pamsomali, fumbi n'kuti buu. Anamuyala pansi pambali pa watsopanoyo n'kuimika chala: chikhadabo chinalekezera pamfundo penipeni.

"Uyu ndi mainchesi 146, mabowo 51, mano omwewo. Akuthandizani zaka zitatu. Tengani, sindikufuna kanthu. Wanuyo mukagulitse kwa anthu a kumapiri."

Enooki anamuzindikira lambayo. Tauni yonse imamudziwa.

"Mukufuna ndikwere pa lamba wa Aipili?" Anaseka, koma kuseka kopanda mano. "Ndiye nzeru zabwera lero? Mwana wanu weniweni munamumangira wazikhadabo zazitali ndi manja anu omwewa. Tsiku limenelo pakamwa panali pati?"

"Enooki!" ndinatero ine.

A Sakiasie sanaphethire.

"Panali pompano," anatero, akuloza pakamwa pawo. "Ndinayeza ndi chala chomwechi. Ndinaona. Ndinamanga."

Mlongo wanga anawerama n'kutola lamba wake watsopano. Anamukulunga, kumuponya paphewa, n'kutuluka. Chitseko anachimenyetsa mpaka sipanala ina inagwa kuchoka pamsomali. Tinamumva akutukwana panja kuti akamanga yekha ndi anzake, nkhalamba zatha nzeru.

A Sakiasie anatola sipanala ija n'kuibwezera pamalo pake. Anamwa tiyi wozizira uja yense. Kenako anayamba kupukuta gudumu la mano ndi kansanza, ngakhale linali loyera kale. Ndinafuna kupita, koma ndinakhalabe. Ndinayamwitsa mwana, ndinawonjezera mafuta m'mbaula. Ndi pamene anandisimbira za foni ija, maso ali pa gudumu, ngati akusimba za munthu wina.

"Wapita m'bale wanga," anatero atamaliza. "Kachiwiri tsopano. Koyamba nyanja, lero pakamwa pangapa. Bambo anga akanandimva akanandithira manyazi."

Cha m'ma 2 koloko masana chitseko chinatseguka. Anali Enooki, chipale chili m'nsidze, paphewa palibe kanthu. Sanapereke moni. Anayang'ana njinga yake ili pachingwe, anayang'ana denga, anayang'ana ine ngati ndine ndamulakwira. Kenako anakankha lamba wa Aipili ndi nsonga ya nsapato.

"Pali ming'alu ameneyu?"

A Sakiasie anakwinya mphuno.

"Mwati zaka zitatu?"

Anakweza nsidze.

"Mangani tsono. Koma akandivutitsa m'njira ndidzabwera kudzakudyerani mkate wonse."

"Mudzapeza wouma, achimwene."

Anagwira ntchito awiriwo osalankhulanso za m'mawa. Enooki ankagwira njinga, a Sakiasie akulowetsa lamba, kubwezera gudumu, kumanga timizere ta pulasitiki tatsopano. Anamukoka mbali zonse, analiza injini, anamuzunguza m'malere, anazimitsa, anamukokanso pang'ono kumanzere. Pofika 4 koloko njinga inali pansi. Enooki anaikwera, anazungulira shedi kamodzi, anakweza dzanja, n'kupita kukamanga chileyi chake.

Ine mtima unali utatsika, ndipo ndinatembenuka kuti ndiwathokoze. Ndinawapeza atakhala pakatoni paja, manja ali lende pakati pa maondo, akuyang'ana msomali wopanda kanthu kukhoma. Nkhope yawo sinali ya munthu amene wapambana. Inali ngati ya tsiku lija anabwera ndi zikhadabo m'thumba.

"Wamva," anatero.

"Eya, wamva. Mwamupulumutsa."

"Wakwiya maola anayi." Anawerenga pa zala zawo zakuda ndi girizi. "Anayi okha. Wandinyoza, wamenyetsa chitseko, wabweranso. Denga silinagwe. Palibe wafa ndi manyazi." Anapumira m'mwamba. "Enooki ndi wouma mutu kuposa Aipili. Wangayo anali wofewa, akanakwiya ola limodzi. Zaka zonsezi ndimadziuza kuti ngakhale ndikanalankhula sakanamva, ndipo ndimagona ndi mawu amenewo. Lero mlongo wakoyu wandilanda mawuwo."

 Anadzuka, anatsitsa chitini chija, anachitsegula n'kukhuthulira zikhadabo pa benchi. Anaziyala mzere, zonse khumi ndi chimodzi, zopindika, zina zopsa m'mphepete.

"Ndinamupatsa ulemu," anatero. "Ulemu wonse umene bambo anga anandiphunzitsa. Ali nawo ku Ottawa kuja, akuyenda nawo pa mateyala."

Panja njinga ya Enooki inkamveka ikutsikira kugombe, kulira kwake kosalala. A Sakiasie anamvetsera mpaka inazimiririka, mutu uli chopendekera, monga amachitira ndi njinga iliyonse yotuluka m'manja mwawo. Atatero anang'amba chivundikiro cha katoni imene lamba watsopano anabweramo, anachiyang'ana, n'kuchitaya. Anatsegula kabati n'kupeza kope la sukulu limene amalembamo manambala a malamba a anthu. Anathothola pepala lapakati, loyera, n'kundipatsa pamodzi ndi pensulo ya ukalipentala.

"Iwe dzanja lako ndi labwino, ndipo adiresi yake amayi ako ali nayo," anatero. "Pa foni pakamwa panga pamauma. Undilembere kalata kwa Aipili. Usakometse, usati nkhalamba inaiwala, usati sinaone bwino. Ulembe kuti ndinayeza ndi chala ndipo ndinadziwa. Ndiponso ulembe kuti tsiku lija anandifunsa pa foni, sindinakhale chete ayi. Umuuze kuti ndinakweza nsidze."